Kodi Kukayika Mbale Wako Ndi Cimo?

Abale okondedwa mwa Ambuye, inu nonse a m'makomboni ndi m'mahositelo a ku Johannesburg, ku Rustenburg, ku Durban, ku Cape Town, ndi kwina konse kumene kalata iyi ifika, landirani moni.

Pali funso limodzi limene liri kubvuta Akristu ambiri masiku ano, ndipo limamveka kawirikawiri anthu akamaceza pabwalo ataturuka m'mapemphero. Mpingo umatiphunzitsa kukonda mnzathu, kumthandiza msanga pa tsoka, ndi kusamganizira zoipa. Nanga tsono munthu akalandira mau pa foni ocokera kwa wina wonena kuti ndi mbale wace, kapena bwana wolemba nchito, kapena wa boma, nafuna kuti amtumizire nambala ya vocha, kodi Mkristu acimwa akayamba wakayika ndi kufunsa? Ena ati inde, pakuti cikondi sicifunsa ciphaso. Ena ati iai, pakuti kupusa si ciyero. Tiyeni tiuone mlandu umenewu modekha, popeza m'kati mwace muli thukuta la mwezi wathunthu, ndiponso muli ubale wathu.

VOCHA NDI CIANI?

Makolo athu amene anabwera ku migodi ndi Wenela anali ndi njira zao zotumizira ndarama kwao. Gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu akalilandire atabwerera kumudzi. Ena ankatumiza pa positi, nalembapo dzina la wolandira. Njira zimenezo zinali zocedwa, koma wakuba anayenera kuonetsa nkhope yace pamaso pa kalaliki.

Lero zinthu zasintha. Munthu apita ku spaza, kapena ku sitoro monga PEP ndi Shoprite, apereka R200, ndipo makina amturutsira kapepala. Maina ace muwadziwa: 1Voucher, OTT Voucher, Blu Voucher, ndi ena otero. Pa kapepalapo pali nambala yacinsinsi. Ya 1Voucher iri ndi manambala 16. Munthu akailemba nambala imeneyi pa foni, agula mayunitsi, magetsi, ndi zina za pa intaneti. Cinthu cimeneci si coipa pa cokha. Lamulo la FICA la caka ca 2001 lifuna kuti mabanki adziwe bwino munthu aliyense wotsegula buku, ndipo ambiri a ife tiribe mapepala onse amene banki ifuna. Cotero vocha yatsegula khomo kwa anthu amene banki inawatsekera.

Komatu taonani cinthu cimodzi cimene ambiri sacizindikira. Pa vocha palibe dzina la mwini. Ndarama siziri m'pepala, ziri m'nambala. Amene ayamba kuilemba nambalayo pa foni ndiye wadya ndarama, ngakhale ali ku mzinda wina, ngakhale simunaonanepo. Mukamwerengera munthu nambala, kapena mukamtumizira cithunzi ca kapepala, mwampatsa ndarama m'manja. Kapepala katsala m'thumba mwanu ndithu, koma kali ngati makoko a mtedza, mwini wadya kale. Ndipo vocha ikadyedwa, kuibweza nkobvuta kwambiri. Ici ndi cifukwa cace akuba aikonda koposa ndarama ya m'manja: safunika mpeni, safunika mdima, ndipo palibe amene aona nkhope yao.

MISAMPHA IMENE IRI KUCHEDWA

Msampha woyamba ndi wa nchito. Pa Facebook kapena pa WhatsApp paoneka mau akuti mgodi wakuti, kapena cipatala cakuti, afuna anchito. Ukayankha, akuuza kuti malo ako alipo, koma uyambe watumiza vocha ya kupimidwa kwa dokotala kapena ya zobvala za nchito. Dziwani kuti lamulo la dziko lino, la Employment Services Act la 2014, liletsa kulipiritsa munthu wofuna nchito kuti ampezere nchito. Wolemba nchito weniweni ndiye amalipira wanchito.

Waciwiri ndi wa ngongole. Ati akukongoza R10 000 lero lomwe, wopanda kufunsa mapepala, koma uyambe wapereka pang'ono pa inshuwaransi. Ukapereka, pabukanso cina cofuna kulipira, kenaka cina, kufikira utatopa. Lamulo la National Credit Act la 2005 lifuna kuti okongoza ndarama alembetse ku National Credit Regulator. Koma ngakhale wosadziwa lamulo angathe kudzifunsa kuti: munthu wa ndarama zokongoza afuniranji zanga poyamba?

Wacitatu ndi wa mantha, ndipo umenewu ugwira ife alendo koposa eni dziko. Wina aimba nati ndiye wapolisi kapena wa ku Home Affairs. Ati mng'ono wako wagwidwa, mawa apita naye ku Lindela, ku Krugersdorp, pokha ukatumiza vocha ora lino lisanathe. Ndipo usatseke foni, usauze munthu. Abale, palibe ofesi ya boma imene ilandira cindapusa mwa kuwerengerana nambala ya vocha pa foni. Za boma zimaperekedwa pa malo odziwika, ndipo wopereka alandira risiti.

Wacinai ndi wopweteka koposa, pakuti ubvala nkhope ya mbale. Akuba amanyenga munthu kuti awauze manambala 6 amene WhatsApp itumiza pa foni yace. Akawalandira, alanda WhatsApp yonse. Pamenepo alembera onse amene munthuyo aceza nao. Dzina ndi lace, cithunzi ndi cace, ndipo nthawi zina Cinyanja cace ncabwino, popeza akuba ali mu mtundu uliwonse, ndi mwa ife momwe. Ati mwana wadwala, ati kwagwa maliro, ati ndagwidwa pa Beitbridge. Ndipo masiku ano alipo makina otha kutsanzira ngakhale liu la munthu.

Iripo misampha inanso: cipinda ca lendi cimene mwini afuna cikole usanacione, foni yotsika mtengo imene sidzafika, mphotho ya mpikisano umene sunalowe. Akulu amene anagwira nchito m'migodi ya golide acenjerenso ndi anthu ofuna malipiro kuti awathandize kulandira cipukuta misozi ca nthenda ya pfumbi ya m'mapapo. Bungwe la Tshiamiso Trust, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2020 kuti ligawe ndarama zimenezo, sililipiritsa munthu popereka dandaulo lace.

Misampha yonseyi isiyana nyambo, koma cingwe cace ncimodzi. Uliwonse uti fulumira. Uliwonse uti usauze wina. Uliwonse uti yamba iwe kupereka, ndipo upereke ndi nambala.

CIKONDI NDI KUFUNSA

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Amene ati kukayika ndi cimo ali ndi mau ogwira mtima, ndipo tisawapeputse. Iwo ati: ife machona tiribe wina kuno koma wina ndi mnzace. Munthu akafa, ndife timasonkha kuti mtembo upite kwao. Munthu akacotsedwa nchito, ndife timamgawira ufa. Tikayamba kukayikirana, ndani adzathandiza mnzace? Tsiku lina mau a pa foni adzakhala oona, mbale adzakhaladi m'tsoka, ndipo ife tidzamsiya cifukwa ca kucenjera kwathu. Atinso: kodi Tomasi sanadzudzulidwe cifukwa ca kukayika?

Tiyankhe motere. Cikhulupiriro cimene tiyenera kupereka kwa Mulungu sitinalamulidwe kucipereka kwa nambala ya foni. Ndipo kumbukirani kuti Ambuye sanambisire Tomasi manja ao, anamuonetsa. Woona saopa kuyesedwa. Amene apsya mtima ukamfunsa, nakuuza kuti ulibe cikondi, kawirikawiri ndiye amene ali ndi cobisa.

Ganizirani za Isake, m'buku la Genesis mutu 27. Nkhalambayo inali yosaona, monga ifenso sitiona amene ali kuseri kwa foni. Mtima wace unakayika. Anadabwa kuti nyama yapezeka msanga motero. Anamva liu nazindikira kuti si la mwana amene amyembekeza. Anakhudza manja, nanunkhiza zobvala. Koma zonse zimene anayesa zinali zimene wonyenga anakonzeratu, zikopa za mbuzi ndi malaya obwereka. Cinthu cimodzi cokha sanacite: sanadikire. Ndipo Yakobo atangoturuka, Esau analowa. Kudikira kwa kanthawi kocepa kukadaulula zonse.

Ganiziraninso za Yoswa ndi anthu a ku Gibeoni, m'buku la Yoswa mutu 9. Iwo anabwera ndi matumba akale, nsapato zakutha, ndi mkate wouma, kuti aoneke ngati acokera kutali. Akulu a Israyeli anayang'ana umboni umene alendowo anabwera nao okha, osafunsira kwa Mulungu, napangana nao pangano. Atapita masiku atatu anamva kuti anthuwo ndi anansi ao apafupi. Phunziro lace nlomveka: umboni wocokera m'manja mwa wofuna ndarama zako si umboni. Cithunzi ca kalata ya kampani, cidindo, ciphaso ca wapolisi cotumizidwa pa foni, zonsezi ndi mkate wouma wa ku Gibeoni. Umboni weniweni ndi umene wakaufuna wekha, pa njira yako.

Ndipo taonani cimene mtumwi Paulo anacita ndi ndarama za mpingo. Posonkhanitsa mphatso za osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuzinyamula yekha, ngakhale anali mtumwi. Anafuna kuti abale osankhidwa ndi mipingo apite nazo pamodzi, kuti pasakhale wonena zoipa. Werengani 2 Akorinto mutu 8. Ngati Paulo analola kuti anzace ayang'anire ndarama za m'manja mwace, ndani wa ife adzakwiya cifukwa mbale wamfunsa funso limodzi?

Tsono kukayika kuli mitundu iwiri. Kulipo kukayika kwa mtima wouma, kumene kufuna cifukwa cokanira thandizo. Munthu wotere ati mwina ndi akuba, natseka foni, nagona tulo, osafufuza ngati mbale wacedi ali m'tsoka. Kumeneko ndi cimo, ndipo akuba angompatsa cofunda ca umbombo wace. Koma kulipo kukayika kwa cikondi, kumene kuti: ndifuna thandizo langa lifike kwa mbale wanga, lisagwe m'kamwa mwa fisi. Munthu wotere sakhala pansi. Aimba nambala yakale imene aidziwa, afunsa wogona naye cipinda cimodzi, aimba kumudzi, afunsa funso limene mbale yekha angayankhe, monga dzina la mtsinje umene ankasamba ali ana. Zonsezi zitenga mphindi khumi. Tsoka lenileni lidzakhalapobe mphindi khumi zitatha. Labodza ndilo lisungunuka. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ananenanso kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali cinanso. Ndarama imene iri m'thumba mwako si yako wekha. Muli feteleza wa mai ako, muli fizi ya mwana, muli malata a nyumba imene unaisiya pa windo. Iwe ndiwe kapitao wa cuma ca banja lonse. Kuipereka kwa munthu wosadziwika cifukwa ca manyazi a kufunsa, ndiko kucitira cifundo wakuba ndi kumana ana ako.

ZA NYAMBO IMENE IRI MWA IFE

Tisabise kuti misampha ina igwira cifukwa ca dyera lathu. M'zaka za 2015 ndi 2016 anthu ambiri m'dziko lino anataya ndarama mu MMM, cinyengo cimene anayambitsa Sergei Mavrodi wa ku Russia, colonjeza phindu la 30 pa 100 mwezi uliwonse. Ambiri analowetsedwa ndi anzao amene ankawakhulupirira. Palibe munda umene ubala motero, ndipo mtima uliwonse unadziwa, koma cikomekome ca mkuyu cinaphimba nyerere za m'kati. Lero wina ati tumiza vocha ya R500, madzulo ulandira R5 000. Ndi mkuyu womwewo.

Komabe tisanene kuti aliyense wonyengedwa ndi wadyera. Wofuna nchito sacimwa pofuna nchito. Woopa kugwidwa sacimwa poopa. Wothamangira kuthandiza maliro wacita cimene mpingo unamphunzitsa. Wakuba agwira munthu pa malo pamene ali wabwino koposa, kapena pamene ali wosauka koposa. Cifukwa cace mlandu uli pa wakuba.

MANYAZI A WOBEDWA

Pano pali cimo limene mpingo wonse ugawana. Munthu akabedwa ndi mfuti pa mseu, tonse timampepesa. Koma akabedwa ndi mau pa foni, timamseka m'hositelo monse, timcha citsiru, ndi kumfunsa kuti mutu anausiya kuti. Cotsatira cace nciani? Wobedwa wina akhala cete. Abisira mkazi wace, abisira akulu a mpingo, napita kwa a katapila kuti atseke dzenje. Ndipo wakuba uja, ndi nambala yomweyo, ndi mau omwewo, agwira wa cipinda coyandikana sabata yamawa. Kuseka kwathu ndiko kumlondera wakuba.

Ndiponso wobedwa wosungulumwa agwidwa kawiri, pakuti alipo ena amene amfikira nati tikubwezera ndarama zako, koma uyambe walipira pang'ono. Ameneyo ndi fisi yemweyo wabwerera mafupa.

Cotero mbale amene aimirira pamaso pa anzace nati ndabedwa motere, nambala yace ndi iyi, wacita nchito ya mlonda wa mudzi. Mlandireni ndi ulemu. Wakutsina khutu ndiye mnansi.

KHOSWE AKAKHALA PA MKHATE

Latsala funso lolemera koposa. Nanga wonyengayo akapezeka kuti ndi wakwathu, wa mudzi umodzi, kapena woimba naye kwaya? Nanga mnyamata wathu akabwereketsa foni yace, SIM yace, kapena buku lace la ku banki kwa anthu otere, nalandira kangacepe, nanena kuti ine sindinabe, ndangothandiza? Tinene mosabisa: wogwira makwerero ndi wolowa pa windo mlandu wao ngumodzi. Ndipo popeza lamulo la RICA lifuna kuti SIM iliyonse ilembedwe m'dzina la munthu, apolisi akayamba kufufuza afika kwa mwini dzina, pamene akuba enieni apita kale.

Ena ati timkhululukire, tisamcititse manyazi pa dziko la eni. Kukhululukira nkwabwino ndithu, ndipo tinalamulidwa. Koma kukhululukira si kubisa. Iwe ungathe kukhululukira cimene wakulakwira iwe; ulibe mphamvu yopereka abale ena m'manja mwace mwa kukhala cete. Zakeyu atalapa analonjeza kubwezera kanai onse amene anawalanda monyenga. Kulapa kosabweza ndi mau cabe. Akulu a mpingo amuitane, amuuze abweze, aleke; akakana, mpingo ucenjezedwe ndi dzina lace, ndipo wobedwa asaletsedwe kupita ku polisi. Wina adzati tikatero tiononga mbiri ya anthu a kwathu. Iai. Amene aiononga ndiye wakubayo, ndi ife tikamfunditsa.

ZOYENERA KUCITA

Tsono sungani izi, ndipo muwerengere anzanu amene sadziwa kuwerenga.

1. Gulani vocha pa malo odziwika, ndipo kapepala katuruke m'makina inu mukuona. Musagule nambala kwa munthu woigulitsa motsika mtengo, pakuti ingakhale yodyedwa kale kapena yakuba.

2. Nambala ya vocha muilembe nokha pa malo amene mwaigulira. Musaiwerengere munthu pa foni, musaijambule, musasiye kapepala pa bedi.

3. Yang'anitsitsani dzina la tsamba la pa intaneti musanalembe nambala. Akuba amapanga masamba ofanana ndi enieni, nasintha cilembo cimodzi. Musalowe pa tsamba kudzera pa mau amene mlendo wakutumizirani.

4. Nchito, ngongole, mphotho, cindapusa, kapena cipinda cosaciona: wina akafuna vocha poyamba pa zimenezi, lekani pomwepo.

5. Mbale akapempha thandizo pa foni, tsekani, ndipo muimbe inu pa nambala imene muidziwa kale. Panganani ndi a kumudzi liu limodzi lacinsinsi la banja lanu.

6. Manambala 6 a WhatsApp, ndi onse amene banki itumiza pa foni, musauze munthu aliyense. Ikaninso nambala yaciwiri yacinsinsi pa WhatsApp yanu. Wacinyamata wa mu mpingo angakuonetseni.

7. Potumiza ndarama kwanu, pitani ku makampani ololedwa monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa, kumene dzina la wolandira limalembedwa.

8. Mukazindikira kuti mwapereka nambala kwa wakuba, fulumirani kuigwiritsa nchito nokha ngati sinadyedwe, kapena uzani kampani ya vochayo msanga. Sungani kapepala ndi mauthenga onse. Kanenani ku polisi. Liriponso tsamba la Yima, limene bungwe la Southern African Fraud Prevention Service linatsegula m'caka ca 2023 kuti anthu azinenako zacinyengo. Amene aopa kupita yekha cifukwa ca mapepala ace ayambe wauza akulu a mpingo, asafe nazo mumtima.

Ndipo mpingo uliwonse ungacite bwino kusankha anthu awiri odekha, odziwa za foni, amene mbale angawafunse usana kapena usiku asanatumize kanthu. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono yankho lathu ndi ili. Kukayika kumene kutseka dzanja ndi cimo. Kufunsa kumene kufuna kuti thandizo lifike kwa mwini wace ndi nchito ya cikondi. Ndipo inu amene mudzafunsidwa ndi mbale pa tsiku la tsoka lanu, musakwiye naye. Muyankheni mokondwa, pakuti funso lomwelo ndilo lidzateteza dzina lanu tsiku limene wakuba adzalibvala. Tikazolowera kufunsana popanda manyazi, zopereka za maliro ndi za odwala zidzapitirira pakati pathu, ndipo thukuta lathu lidzafika kwa amene tinawasiya kumudzi.

Ambuye akusungeni pa nchito zanu, akusungireninso a kwanu.

Ndine mbale wanu mwa Kristu.